Zolemba za gulu lothamanga m'mamawa: chiperoni, chitunda cha Michiru ndi miyambi ya amalume

Kumapeto kwa Meyi

Chaka chatha gulu lathuli linafa mu Juni popanda ndi maliro omwe. Palibe anaimirira kunena kuti abale tasiya, kungoti uyu chimfine, uyu alamu sinalire, uyu nsapato sizinaume, pofika pa 6 Julayi pagulupu ya WhatsApp pamangogwa mavesi ndi zithunzi za maluwa basi. Ndiye chaka chino tapangana kuti tidutse nyengo yozizira yonse mpaka kutha kwa Ogasiti osadukiza, ndipo ine andisankha ulembi, ati ndizilemba zomwe zikuchitika kuti tikadzafanso tidzadziwe chatipha.

Pulani yake ndi iyi. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu tizikumana 5:15 pamphambano pathu pano ku Chilomoni mu Blantyre, kuthamanga mosakaniza ndi kuyenda mphindi ngati 40, kenako aliyense akasambe azipita ku ntchito. Loweruka tizikwera Njira ya Mtanda paphiri la Michiru, imeneyo tizinyamuka kutawala. Mayi tcheya, omwe ndi anamwino, akuti a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi mwapakatikati, kuwonjezerapo masiku awiri a zolimbitsa minofu. Pa mphindizo tikudutsa ngakhale munthu atajomba tsiku limodzi la mkati mwa sabata. Za minofuzo tiona kutsogolo, pano tiyambe tadzuka kaye.

Anthu ake: mayi tcheya, aphunzitsi opuma amene anaphunzitsa Chichewa ku sekondale mpaka imvi, asisi awiri a pasaluni, mnyamata wa kabaza yemwe akuti chisiyireni njinga yakapalasa n'kugula yamoto mimba yayamba kumutsogolera, ine, ndi amalume. Amalumewa si amalume a munthu aliyense pagululi, tinangozolowera kuwaitana choncho. Anabadwira ku Bulawayo, bambo awo anapita kukagwira ntchito ya njanji nthawi ya Rhodesia, iwo anabwera kuno ali kale ndi ndevu zawo. Chichewa amayankhula bwinobwino, vuto ndi loti amakonda miyambi kuposa momwe miyambiyo imawakondera. Lero potseka mkumano anakweza dzanja nati, "Tigwirane manja anthuni, paja mutu umodzi suswa nsabwe." Aphunzitsi anangotsinzina ngati munthu woluma mwala munsima.

Juni, sabata yoyamba

Mdima wake ndiye ayi. Dzuwa panopa likutuluka cha m'ma 6 koloko, kutanthauza kuti ulendo wonse tikuupanga kusanache, tochi ya foni m'manja. Lamulo loyamba lomwe takhazikitsa ndi loti tiziyenda kudzanja lamanja kwa msewu kuti tiziyang'anizana ndi magalimoto, maminibasi oyambirira aja amabwera ndi liwiro ndipo ena nyali imodzi yokha ndi imene imayaka. Mayi tcheya apeza pakaunjika timajekete tonyezimira tija amavala ogwira ntchito pamsewu, tagawana, wotsogolera ndi wotsalira m'mbuyo avale basi.

Tsiku loyamba asisi anabwera atavala chilichonse cha m'nyumba mwawo, juzi, jekete, chitenje, mpango kumutu wina m'khosi, pasanathe mphindi khumi zonsezo zinali m'manja akuthamanga nazo. Malangizo a mayi tcheya ndi oti potuluka pakhomo uzimva kuzizira pang'ono, thupi likayamba ntchito limadzifunditsa lokha, zofunika kuphimba ndi zala ndi makutu. Magulovesi tilibe, tikuvala sokosi m'manja, palibe akutiona ndi usiku. China ndi sikipa ya thonje, ikanyowa ndi thukuta imasunga madziwo ndipo ukangoima kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa, ndiye macheza a pamphambano tikamaliza tawafupikitsa, ukafika kunyumba vula msanga.

Amalume sanatigwiritse mwala. Pachitunda chija chokwera kulowera kuphiri, mnyamata wa kabaza atatisiya, iwo anamukuwira kuti, "Iwe mphwanga dekha! Kuona maso a nkhono n'kudumpha!" Tinaima tonse kuseka, asisi wina mpaka anakhala pansi pamsewu. Ndatsegula tsamba lapadera kumapeto kwa kope, ndizilemba zimenezi.

Juni, pakati

Chiperoni chafika. Amene simunakhaleko ku Blantyre, Thyolo kapena Mulanje mwina mumaona ngati timakokomeza, koma si mvula yeniyeni yoti uiusire, ndi kamvula kowazawaza kosakaniza ndi chifunga, kobwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa itanyamula chinyezi cha kunyanja ya mchere kudutsa ku Mozambique, ndipo kakayamba kamatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka. Zochapa siziuma, nsapato siziuma, makala pambaula amangofuka. Chaka chatha chinatipha ndi chimenechi.

Ulendo uno tinakonzekera. Kukacha ndi chiperoni sitipita kumsewu, timakumana pakhonde pa aphunzitsi lomwe ndi lalikulu: kudumpha chingwe, kunyonyomala n'kudzuka, mapushapu, kunyamula zigubu za malita asanu zodzaza madzi. Mwanjira imeneyi nkhani ya minofu ija yadzikonza yokha. Chodandaulitsa ndi choti khondelo lili pafupi ndi khitchini ndipo amayi a panyumbapo amakhala ataphika mbatata, nyengo yake ndi ino, moti sindikudziwa ngati timachoka pamenepo titachotsa kapena titawonjeza.

Za patsamba lapadera sabata ino. Asisi atadandaula za matope pansapato zawo zoyera, amalume anati, "Musadandaule asisi, mvula ikakuona litsiro walira matope." Iyiyi ine ndimaikonda chifukwa ukaimva mwachangu imamveka yolondola, mvula ili uku ili uko. Ina inabwera mipope itauma masiku awiri, anthu akukana kuthamanga poti akasamba chiyani, iwo nati, "Madzi akatayika amalonda ali pafupi." Ndipo zoonadi anyamata ogulitsa madzi pawilibala anali akudutsa pomwepo. Aphunzitsi anatsegula pakamwa n'kutsekanso.

21 Juni

Tsiku lalifupi kuposa onse pachaka kuno kum'mwera kwa dziko lapansi, mayi tcheya anatikumbutsa kuti kuyambira pano masana aziwonjezekera, koma asatinamize, kuzizira kwenikweni kuli kutsogoloku mu Julayi.

Koma nkhani yaikulu ndi zomwe mayi tcheyawo atulukira. Akuti akhala akumvetsera, ndipo amalume sasokoneza miyambi paliponse. Pamalo athyathyathya, kapena potsetsereka, mwambi amaunena wonse bwinobwino mutu ndi mchira womwe, "tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," mpaka aphunzitsi kugwedeza mutu kuvomereza. Zimasokonekera pachitunda. Amayamba mutu wa mwambi, mpweya umawathera pakati, amapuma kawiri katatu, ndiye pobwerera amangogwira mchira uliwonse womwe uli pafupi. Ndinabwerera m'kope kuyang'ana komwe chilichonse chinanenedwa, ndipo kupatula za pakhonde zomwe amakhala atangomaliza kudumpha chingwe, ndi ya nsabwe ija yomwe sindikudziwa chinawatopetsa n'chiyani, zonse ndi za pachitunda.

Mayi tcheya akuti azaumoyo ali ndi kayezedwe kosavuta kofanana ndi zimenezi. Ngati ukuthamanga koma ukutha kuyankhula ziganizo zathunthu, kungoti sungaimbe nyimbo, ndiye kuti uli pa mlingo wapakatikati. Ngati ukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, wafika pa mlingo wamphamvu. Pagululi palibe ali ndi wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, mtengo wake ndi lendi ya nyumba, ndiye tagwirizana kuti wotchi yathu ndi amalume. Mwambi ukatuluka wonse wolondola, tikuyenda mwaulesi, tiwonjeze moto. Ukatuluka mutu wina mchira wina, liwiro lake ndi lomwelo, tisasinthe. Ukatuluka mutu wokha mchira osabwera, tiime tiyende pansi kaye.

Ndinafunsa kuti nanga wotchiyi si ikuyeza mtima wa amalume okha, mnyamata wa kabaza zaka zake n'zina. Yankho ndi loti achinyamata azithamanga kutsogolo mpaka pamlatho n'kubwerera kudzatipeza, azipanga choncho mpaka titafika, iwo mtunda uchuluke ife tisasiyidwe mumdima. Zikuyenda.

Kumapeto kwa Juni

Sabata yovuta. Lachitatu 4:50 m'mamawa pagulupu panagwa uthenga wa amalume: "Lero sindibwera abale, ndatsamira mkono pang'ono." Iwo amatanthauza kuti agonera mkono usiku wonse wachita dzanzi ndipo akufuna apumuleko. Koma aliyense wokulira kuno akudziwa kuti munthu akatsamira mkono ndiye kuti watisiya, ndipo asisi wina anauwerenga uthengawo ali m'tulo, sanaone kuti walemba ndi mwini wake, anayamba kulira n'kuimbira mayi tcheya, mayi tcheya anatuluka ndi chitenje chokha kuthamangira kwa amalume, kukawapeza ali pampando akumwa tiyi. Kuthamanga kwa tsiku limenelo kunali komweko.

Madzulo ake aphunzitsi analemba uthenga wautali. Anati taseka mokwanira, chilankhulo si choseweretsa, lero ndi mkono mawa chidzakhala china chachikulu, ndipo adzukulu awo ayamba kunena kuti mutu umodzi suswa nsabwe atamva pakhonde paja, akakalemba zimenezo pamayeso adzayankha ndani. Anapereka ganizo la fayini, K200 pa mwambi uliwonse wopindika, ndalamazo zizigula madzi akumwa Loweruka. Anthu anavomera, ndikuganiza chifukwa mantha a m'mamawa aja anali asanathe.

Amalume sanatsutse. Anangolemba kuti "Ndamva aphunzitsi," basi.

Lachisanu anabwera, anathamanga, sanayankhule. Loweruka anakwera Njira ya Mtanda yonse siteshoni ndi siteshoni mpaka pamtanda pamwamba osatulutsa mwambi ngakhale umodzi. Lolemba chimodzimodzi. Ndipo zinthu zinayamba kuphwasuka mwanjira yoti sindinaiganizire: popanda woyankhula liwiro linakwera lokha, aliyense amangotsatira nsana wa mnzake, pachitunda tinafika tonse tili wefuwefu, ine bondo linayamba kulankhula, asisi wa mphumu chifuwa chinamugwira mpaka anapopera mankhwala ake panjira. Lachitatu lotsatira asisi onse awiri sanabwere, nditawafunsa anati aaa achimwene, kudzuka 5 koloko kukangopuma mofulumira ndi anthu osayankhula, bola kugona.

Maganizo anga pa nkhaniyi, poti kopeli ndi langa. Aphunzitsi sanalakwe kudandaula, za mkono zija zinali zoopsadi ndipo munthu amene wathera moyo wake wonse akuphunzitsa ana kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere ali ndi ufulu womva kuwawa akamva wina akuti mbuzi ikakondwa m'kati muli nyerere. Koma tisaname, pagululi amene amayesa n'komwe kugwiritsa ntchito miyambi ndi amalume okha. Enafe timangoti zili bho, zasokonekera, tionana. Mnyamata wa kabaza anavomera yekha kuti asanayambe kubwera kuno samadziwa kuti tsokonombwe ndi chiyani. Ndiye fayiniyo imalanga munthu mmodzi yekhayo amene akuyesera, ife osayesa n'komwe tili mfulu ndi ma K200 athu.

6 Julayi

Tchuthi, ndiye tinakwera phiri mosathamangira nthawi ndipo pamwamba tinakhala pansi kukambirana. Mayi tcheya ndi amene anaikonza nkhani. Fayini yachotsedwa. M'malo mwake, tikamaliza kuthamanga pa nthawi yowongola minofu, aphunzitsi azitenga zonse zomwe amalume anena tsikulo n'kubwezera mutu uliwonse kumchira wake, ndi tanthauzo lomwe. Zining'a zokhudza imfa ndi matenda zokha ndi zomwe amalume alonjeza kuti azifunsa kaye asanalembe pagulupu.

Aphunzitsi anavomera mosakondwa kwenikweni, koma taonani, ntchitoyi yawakomera. Amalume akapinda mwambi umodzi iwo amakhala ndi miyambi iwiri yoti afotokoze, ndipo amafotokoza ataimirira mwendo umodzi atagwira chidendene. Pobwerera tsiku lomwelo panatuluka "safunsa anagwa chagada," ndiye tinalandira phunziro la safunsa anadya phula, kuwonjezera la ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, mnyamata wa kabaza akulemba mufoni. Panabukanso mkangano pakati pa aphunzitsi ndi mayi tcheya, wina akuti liwiro la mumchenga mumayambira limodzi wina akuti kwawo amati n'kuyambira pamodzi, ndipo aphunzitsi anavomera kuti miyambi ina imasiyanako kanenedwe malinga ndi dera. Amalume anangoti, "Ndiye yanganso ndi ya dera la Bulawayo." Iyayi amalume, imeneyo ayi.

Tili pamwambapo mphepo inali yoluma, ndipo munthu ukayang'ana mbali zina za Michiru mtima umawawa, malo omwe tinkawadziwa ndi mitengo pano ndi zitsa, makala onse timaotha m'tauni muno akuchokera penapake. Palibe ananenapo mwambi.

Julayi, pakati

Kuzizira kwafika pachimake, madzi a mundowa m'mamawa ukawakhudza zala zimauma. Tawonjezera nthawi yotenthetsa thupi, mphindi khumi zoyambirira ndi kuyenda mwachangu basi osathamanga. Asisi wa mphumu akumaphimba pakamwa ndi mphuno ndi mpango kuti mpweya uzilowa utafundako, mayi tcheya akuti mpweya wozizira ndi wouma umafinya njira za m'chifuwa kwa anthu a mphumu, ndipo kopopera kake azikayenda nako m'thumba nthawi zonse osati kukasiya pawindo. Chinanso, kukazizira ludzu silimveka koma thukuta likutuluka ndithu, ndiye botolo la madzi likhalepo.

Bondo langa likuvuta potsika osati pokwera. Ndaphunzira kufupikitsa mapazi ndi kutsika mokhotakhota pamalo otsetsereka kwambiri, komanso nsapato zanga zinali zitatha kuchidendene mbali imodzi, ndapeza zina pakaunjika ku Limbe, zogwira bwino pamiyala.

Mnyamata wa kabaza wayamba kulota za mpikisano wa Porters Race wa ku Mulanje, umene umachitika mwezi uno chaka ndi chaka. Unayambira anyamata onyamula katundu wa alendo ndi operekeza paphiri, pano aliyense amaloledwa, amayambira pa Likhubula kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, makilomita oposa 20 a miyala yokhayokha. Tamuuza kuti Njira ya Mtanda yathuyi kwa anthu amenewo ndi poyambira chabe, ayambe wamaliza Ogasiti. Akuti chaka chamawa. Amalume, tili pachitunda, anamulimbikitsa kuti asazengereze kulembetsa paja Zengerezu anadya phula.

Chochitika china ndichilembe chifukwa chandisintha kaganizidwe pang'ono. Amalume minofu ya katumba inawakoka titatsala pang'ono kufika, anakhala pansi, mnyamata wa kabaza anagwada n'kuwagwira phazi kulikankhira m'mwamba monga mayi tcheya anatiphunzitsira. Ululu utachepa amalume anamuyang'ana nati, "Mphwanga, apa ndiye wandigwira mwendo, pempha chomwe ukufuna." Imeneyo si yopindika, ndi nthabwala ya munthu wodziwa bwino lomwe kuti kugwira mwendo n'kupempha. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola, koyamba chiyambire Meyi. Sindinadziwe kuti ndiilembe tsamba liti, ndaiika pakati.

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Tikadalipo tonse. Mmodzi yekha ndi amene amajombajomba, asisi wamng'ono, koma ndi chifukwa cha maukwati a Loweruka omwe amawadzaza pasaluni kuyambira m'bandakucha, mkati mwa sabata amabwera. Tapezanso anthu awiri atsopano, banja la kuseri kwa tchalitchi, akuti amatimva tikuseka tikamadutsa ndiye anafuna adziwe kuti pali chiyani choseketsa 5 koloko m'mamawa. Tsiku lawo loyamba amalume anawalandira ndi "mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa," yolondola, poti tinali tisanayambe kukwera. Anthuwo anakhumudwa pang'ono, tinawauza kuti adikire chitunda, ndipo chitunda chinawapatsa "bongololo sakandira pachabe."

Vuto latsopano ndi loti wotchi yathu yayamba kunama. Amalume alimba, mpweya sukuwathera pomwe unkawathera, moti chitunda choyamba chija pano akumachidutsa ndi mwambi wathunthu, sabata ino anamaliza "ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata" yonse osapuma ife kumbuyo tikufa. Tikatsatira lamulo lathu ndiye kuti tiwonjeze liwiro, koma atsopanowa sangakwanitse ndipo bondo langa silinavomere. Mayi tcheya akuti mwina tigawe magulu awiri, aphunzitsi akuti ingowapatsani miyambi italiitali. Sitinagwirizane, tikambirana Loweruka.

Chiperoni chachepa, m'malo mwake kwabwera mphepo ya Ogasiti ndi fumbi lake, kuwonjezera utsi wa anthu otentha tchire posaka mbewa, moti asisi wa mphumu mpango uja sanausiye. Kukucha msanga pang'ono, pobwerera tochi sikufunikanso.

Zotsala: kugula chingwe china chodumpha poti chija chaduka pachogwirira, kupeza timajekete tiwiri ta atsopanowa, ndi kusankha ngati tipitirize mu Seputembala ndi Okutobala, zomwe zidzafune kuti tizinyamuka 5 koloko yeniyeni kuthawa dzuwa. Loweruka likubwerali tikumana 5:45 pamphambano, aliyense ndi madzi ake, ndipo amene anatenga zigubu ziwiri pakhonde pa aphunzitsi nthawi yomwe mipope inauma abweze, amayi akuzifunsa.